Mabokosi Anga M'chipinda Chanu

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Ndirande tilipo. Akazi a achimwene a Dyson anachira, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphuno ndi ya kwa amayi ake, koma kulira watengera pakamwa panu, sasiya mpaka nyumba yonse itamva. Kamunda kanu ka m'mbali mwa phiri tinalima, koma chimanga anatikololera ena chisanaume, ife tinakapeza mapesi ataima mwaulemu. Lata la ku khitchini likudonthabe pomwe paja.

Izo ndangoyambira. Chimene ndakhalira pansi n'chakuti ndakwiya, ndipo amene andikwiyitsa ndi abale anu, choncho womva ndinu.

Mukukumbuka sukulu ija munkaitcha ya mawaya? Sindinaisiye. Mkati mwa sabata ndimakhalabe pa shopu ya fotokope ku Limbe, Loweruka ndimaphunzira za netiweki, ndiye kuti kulumikiza makompyuta a mu ofesi kuti azitumizirana zinthu. Mayeso a satifiketi ndi mwezi wamawa. Mayeso amenewa kuloweza pakokha sikukwanira. Amafuna munthu amene anagwirapo makina enieni, n'kuwasokoneza, n'kuwakonzanso yekha. Kusukulu makina ndi ochepa, anyamata amawaunjirira ngati pa mpopi tsiku limene madzi abwera, ine ndimangoona misana.

Ndiye ndinaganiza zogula anga, akale. Mnzanga wa m'kalasi anandilozera kwa a Jafali, bambo a ku Mbayani amene ali ndi shedi ku Makata. Amagula zimene maofesi ataya, mipando yothyoka, mafiriji, makompyuta akufa. Pansi pa mulu wa makiyibodi panali zimene ndinkafuna: mabokosi achitsulo, afulati, okhala ndi timabowo tambiri kutsogolo. Awiri amatchedwa maswichi, limodzi rauta. Musavutike ndi mainawo, mungodziwa kuti popanda rauta phunziro langa ndi latheka.

A Jafali anati, "Nyamulani, asisi, zonsezi ndi zamoyo, zangochoka kumene mu ofesi ya mabwana." Ine ndinakumbuka mmene munkagulira ayironi mumsika, mukuti, "Iyatseni kaye, ndisagule maliro." Ndinawauza chimodzimodzi. Anaseka, "Inu ndi mwana wa ndani kodi?" Tinakoka waya kwa owotcherera zitsulo oyandikana nawo. Swichi yoyamba inanunkha ngati tayala lopsa, tinaibweza pamulu n'kufukula ina. Ndinayesa kabowo kalikonse ndi chingwe changa kuona ngati kanyali kake kayaka, a Jafali akudandaula kuti nthawi ya Swala ku mzikiti ikuwapita. Rauta inali yokiyidwa ndi pasiwedi ya eni ake akale. Inandivuta masiku angapo kunyumba mpaka inandilola kulowa, ndipo tsiku limenelo ndinavina ndekha popanda nyimbo.

Vuto linali poziika. Kuchipinda kwanga mukudziwa, soketi inapsa kalekale, ndipo ana a achimwene amalowa ngati ndi pamsika. Chipinda chanu chinali chotseka chiyambire maliro, kudikira kuti abale abwere kudzagawa katundu. Munali soketi yabwino, loko ndi tebulo. Ndinasunthira pambali Baibulo lanu ndi mabotolo a mankhwala, n'kuyala mabokosi anga. Ndikamaphunzira mmenemo munkamveka fungo la mafuta anu odzola, ndipo mutu unkagwira bwino.

Tsiku logawa analisankha okha alongo anu, amalume a Wyson, osandiuza. Anafika Lachisanu ine ndili kuntchito, iwo ndi amayi aang'ono a ku Bangwe ndi gulu la kumudzi ku Chiradzulu. Achimwene anawatsegulira. Pobwera ndinapeza zonse zili pamikeka pabwalo, zitaikidwa kale m'timilu: nsalu zanu, mbale, mabulangete, nsapato za kutchalitchi. Ine anandisungira makina anu osokera. Mabokosi anga ndinawaona mochedwa. Maswichi anali m'chikwama cha amayi aang'ono, rauta ili pamiyendo pa amalume, akuisisita ngati mphaka.

Ndinagwada n'kuti, "Amalume, izo si za amayi, ndi zanga za kusukulu." Iwo osandiyang'ana n'komwe, "Zatuluka m'chipinda cha ndani?" Ndinati cha amayi. "Basitu. Cha m'chipinda cha malemu ndi cha malemu. Ndipo chagawidwa sichibwerera. Ukufuna mzimu wa mayi ako usagone?" Achimwene a Dyson, amene anandithandiza okha kunyamula mabokosiwo kuchokera pa siteji, anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo ngati azigula kumene.

Lamlungu ndinakwera minibasi ya ku Bangwe. Amayi aang'ono anali atayesa kale kulumikiza swichi imodzi ku TV, akuganiza kuti ndi dekoda. Inayo anakhazikapo poto wa maluwa. Anandimvetsa msanga, mng'ono wanu uja sachedwa kumva pakakhala phindu. "Mwana wanga, ine zitsulozi ndilibe nazo ntchito. Koma ndichoke chimanjamanja pa maliro a mkulu wanga? Anthu ati chiyani?" Kenako anafunsa, mawu ali pansipansi, ngati makina osokera aja ndimawagwiritsa ntchito. Amayi, ndinawapatsa. Makina amene munkatisokera nawo mayunifolomu, amene ndinaphunzirirapo kupalasa mapazi asanayambe kufika bwino pansi, ndinakawatenga kunyumba n'kuwakweza ndekha pa minibasi kuti ndiwombole zinthu zanga zomwe. Pobwerera ndinakhala mpando wakumbuyo, maswichi pamiyendo, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndadwala.

Za amalume ndiye zinaposa. Kwawo ku Machinjiri ndinapeza rauta ili pamwamba pa kabati ya magalasi, ataiyalira kansalu koluka, pambali pa chithunzi chanu. Anaitana akazi awo ndi anansi kuti akhale mboni, n'kukhosomola kaye. "Achemwali anga anandigwira dzanja kuchipatala. Anati, achimwene, kawailesi kanga kachitsulo kaja kadzakhale kanu." Amayi, inu munatisiya mvula ili pakati. Rauta ndinagula anthu atakolola. Ndipo kuchipatalako amalume anangoonekera kamodzi, n'kuima pakhomo la wodi chifukwa cha fungo, n'kudya nthochi zimene tinakugulirani. Ndinalephera kudzigwira. Ndinati, "Ndiye kuti amayi anali mneneri, amalume, kugawa chinthu chimene chinali chikadali pamulu ku Makata." Mmodzi wa anansi aja anaphulika kuseka. Kusekako ndi kumene kunasandutsa nkhani kukhala mlandu.

Uthenga unadzera kwa achimwene. Akuti ndanyoza mwini mbumba pamaso pa alendo, ndikapepese ndi nkhuku, apo ayi rauta ndiiwale, ndipo tsiku la chinkhoswe changa ndidzafune wina wondiimirira.

Apa ndi pamene ndakwiya ndi inunso. Munthu ameneyu munamulekerera ndinu. Ankabwera kuno kudzanyamula thumba la chimanga ife tikudya kamodzi pa tsiku, inu mukuti, "Asiyeni, amuna amene anatsala kwathu ndi okhawa." Atagulitsa munda wa agogo munanena zomwezo, n'kuwawiritsiranso tiyi. Munatiphunzitsa kuyesa ayironi tisanapereke ndalama, koma alongo anu simunawayesepo ngakhale tsiku limodzi. Inu mwapita kukapuma, mwatisiyira ife. Tsopano afika ponamizira pakamwa panu, podziwa kuti simungadzuke kudzawatsutsa. Chitsulocho chisiyeni, chimene chikundiwawa kwambiri ndi chimenecho. Simunali munthu wonama, ndipo lero akukunamitsani muli m'manda.

Ndinafuna kungowasiyira. Ndinabwereranso ku Makata, koma a Jafali anapukusa mutu, "Rauta ina palibe, asisi, mwina chaka chikamatha maofesi akamasesa." Mayeso sangadikire zimenezo. Ndiye dzulo ndinagula nkhuku. Ndinazungulira msika wonse wa Ndirande kufuna yowonda kuposa zonse, ndipo ndinaipeza. Ndinagwada pa simenti ya amalume n'kupepesa chifukwa chopempha chinthu changa. Anandilangiza za ulemu mpaka mawondo anachita dzanzi, za atsikana a m'tauni, za sukulu imene imachotsa mwambo m'mutu. Pomaliza anatsitsa rauta ija, n'kuipukuta ndi kansalu kake. "Ndikukubwereka, sindikukupatsa. Uisamale, ndi chikumbutso cha achemwali anga. Ukatha mayeso ibwere." Ndinati zikomo, amalume. Chingwe chake cha magetsi anakana nacho, akuti chikukwana bwino pa ketulo.

Panopa ndikulemba ndili m'chipinda chanu. Mulibenso kanthu. Bedi ndi tebulo zinapita ku Chiradzulu, ngakhale msomali wopachikapo kalendala wina anazula. Mabokosi anga ali pa njerwa, ine ndili pamkeka, laputopu pamiyendo. Chingwe ndabwereka kwa mnzanga uja wa m'kalasi. Tinyali tonse tikuyaka, mafani a m'mabokosimo akulira, ndipo mmawa uno ndatumiza uthenga kuchokera ku swichi imodzi, kudzera pa rauta, n'kukafika ku inayo. Loko ndasintha. Achimwene atafunsa za kiyi, ndinawauza kuti akafunse zikhadabo zawo.

Ndikulonjezani izi, Amayi. Mayeso ndikalemba, ndipo ndikakhoza. Koma rauta iyi ku Machinjiri sibwerera, kaya atumize uthenga, kaya akane kudzakhala nkhoswe. Akadzaifunsa ndidzawauza mwaulemu wonse, nditagwada, kuti adikire. Akadzafika kumeneko mudzakambirane nokha za mawu a ku wodi aja, inu ndi iwo. Ndipo ulendo umenewo musadzati asiyeni.

Ndimakukondani, ngakhale ndakwiya.

Ndine mwana wanu,
Elube