Biti wa Mieke Aviikidwe Kaye

Bambo a Femke,

M'khola ndasesa, udzu ndaika, Femke ali kwa amayi anu. Pepani, nkhomaliro mudzionere, ndathamangira mankhwala kwa dokotala wa ziweto.

Thumba la biti, chakudya cha hatchi chija, munalisiya pululu, ndiye hatchi yathu Mieke wadya wouma n'kutsamwa. Dokotala wamutsegula pakhosi, koma akuti ndi ukalambawu akatsamwanso tamutaya. Ndikuuzeni kangati kuti bitiyu amafufuma? Mphindi khumi zokha m'madzi, abale! Chonsecho mpira mumaupirira ola ndi theka.

Madzulo viikani kapu imodzi ya biti m'makapu asanu a madzi, afewe ngati phala. Wadzulo uja wasasa, tayani. Thumba litsekeredwe mumgolo.

Zatidyera ndalama zokwana mayuro 160, theka la thumba, ndi mpira wanu wa Loweruka, poti womulondera m'khola ndinu.

Sanne