Njerwa za pa Denga la ku Ilford

Ilford, London
16 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kufika kumunda? Nanga achimwene a Lyson, alamu ndi ana onse ku Ntcheuko ali bwanji? Ine thupi lili bwino. Mdzukulu wanu Atikonda ndiye sali bwino, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalata. Pa foni mukanandidula ndi mawu achitonthozo ndisanafike pa mutu wa nkhani. Ndikupempha muwerenge mpaka kumapeto.

Mwezi watha kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mitengo ndi kuimitsa sitima. Mukudziwa kuti timachita lendi zipinda za m'mwamba, pansi pali banja lina. Denga la kuno si la malata. Ndi la matailosi osanjikizana, ndipo ndi lotsetsereka kwambiri. Mphepo inasasula matailosi pamwamba penipeni pa chipinda cha Atikonda, n'kusiya bowo loti mbuzi ikhoza kulowa.

Eni nyumba amakhala kunja kwa dziko lino. Ndinaimbira ejenti wawo tsiku lomwelo, ndipo anati dandaulo langa lalembedwa. Ndinaimbanso kasanu ndi kamodzi, yankho lomwelo.

Ndinayamba kufuna amisiri ndekha. Ndinaimbira khumi ndi anayi. Asanu ndi anayi sanayankhe. Anayi anati mpata ulipo mu Epulo. Mmodzi anabwera, anaima pamsewu, manja m'thumba, nati popanda nsanja yachitsulo yokwererapo ndi kalata ya eni nyumba sangakhudze tailosi ngakhale imodzi.

Mvula ya kuno siilekeza, Amayi. Imangowaza tsiku ndi tsiku. Ndinatchera ndowa ndi mapoto, koma khoma linanyowa, linachita chuku chakuda, ndipo mphumu ya Atikonda inadzuka. Kawiri konse ndathamanga naye ku chipatala chomwe ndimagwirako ntchito. Dokotala anandiuza zimene ine namwino ndimauza anthu ena: mwanayu asagone m'nyumba ya chinyezi.

Lamulungu lina ku tchalitchi kwathu ku Tottenham, Mayi Etta, amene amatsogolera amayi, anandifunsa chifukwa chake ndaonda. Pofika nthawi ya tiyi mpingo wonse unali utadziwa. Ndiye anabwera a Zacheus, mkulu wa mpingo, wobadwira ku Zimbabwe koma bambo awo anali a ku Dedza. Anati anthu a kuno amadikira kalata ya boma kuti avule nsapato imene ikuwaluma. Anati iwo afolera zigafa za fodya kwa zaka makumi awiri, anyamata osayankha foniwa asanabadwe, ndipo bowo limodzi silingagoneke mwana wa mpingo m'chipatala iwo ali moyo.

Loweruka anafika ndi a Evance, bambo wina wa kwaya, atanyamula makwerero ndi lona yotchingira mvula. Amayi atatu anabwera kudzandithandiza kuphika mpunga ndi nkhuku. M'nyumba munali kuseka. A Evance ankanjenjemera pa makwerero, a Zacheus n'kumawafunsa ngati mawu a besi aja amathera pansi pomwepo. Pa zaka zisanu ndi ziwiri zimene ndakhala kuno, tsiku limenelo ndi limene ndinamva ngati ndili kwathu.

Atayala lona, a Zacheus anaitanitsa njerwa. Kuseli kunali mpanda umene mphepo inagumula. Anakweza njerwa zisanu ndi zitatu n'kupsinja nazo lona, monga timapsinjira malata kumudziko.

Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga. Ndinkadziwa. Ndinali nditawerenga kuti pa denga lotsetsereka chotere lona amaikhomerera ndi timatabwa, ndipo sayikapo cholemera chilichonse. Tsamba limene ndinawerengapolo linali lotsekula pa foni m'thumba mwanga. Ndinafunsa chapansipansi ngati njerwazo sizitsetsereka. A Zacheus anaseka ali pamwambapo, nati mwana wa sukulu asade nkhawa, njerwa ilibe miyendo. Onse anaseka. Inenso ndinaseka.

Ndikanatsutsa bwanji munthu wa imvi, amene wakwera denga langa m'chisanu osapempha kanthu, pamaso pa anthu a mpingo? Ku ntchito ndimatsutsa madokotala akalakwitsa muyeso wa mankhwala, ndipo sindichita mantha. Koma apa ndinapinda maondo n'kuthokoza, ndi kuwapatsa madzi osamba m'manja.

Panapita masiku asanu ndi anayi. Lolemba masana mphepo inabweranso. Lona inafufuma, njerwa zinayamba kutsika zikuswa matailosi. Zitatu zinalowa pa bowo lija n'kugwetsa siling'i yonse pa bedi la Atikonda. Iye anali kusukulu. Imodzi inagwera pakhomo, n'kuphwanya kangolo kamene mayi wa pansi amayendetsera khanda lake. Khandalo anali atangolitulutsamo kumene.

Eni nyumba, amene anasowa milungu itatu, anapezeka m'mawa mwake kudzera mwa ejenti wawo. Anajambula chilichonse. Anati zimene inawononga mphepo zinali zawo, koma izi ndi zanga, chifukwa ndinakweza anthu pa denga popanda chilolezo. Ndawerenga pangano la lendi kawiri. Akunena zoona. Woyendera nyumba wa khonsolo anati zipindazo munthu sangakhalemo, ndipo tinatuluka tsiku lomwelo.

Ku khonsolo anandionetsa mawu amene ali pa chitupa changa chokhalira m'dziko lino, oti sindiyenera thandizo la nyumba la boma. Ndaona malo khumi ndi amodzi. Kulikonse amafuna kalata ya umboni yochokera kwa eni nyumba akale, ndipo mukhoza kuganiza zimene iwo akulemba. Malo okhawo amene apezeka ndi kachipinda m'nyumba imene amakhala mnzanga wa ku ntchito, Muchaneta. Ndi nyumba ya anthu akuluakulu asanu, ndipo mwini wake salola ana.

Pakali pano tikugona pa balaza kwa Mayi Etta, mpaka mwana wawo atabwerako ku yunivesite. A Zacheus anafika kumeneko chipewa chili m'manja, osatha kundiyang'ana. Ku tchalitchi asiya kubwera. Sindiwaimba mlandu. Iwo anachita zimene amadziwa. Ine ndi amene sindinachite zimene ndinkadziwa.

Tsopano pempho langa. Mayi Etta akubwera ku Malawi pa 9 Epulo, ndipo avomera kuyenda ndi Atikonda. Amayi, mundilandirire mwanayu.

Ndayesa njira zonse pa pepala. Ndikasiya ntchito kuti ndichoke mu London, chitupa changa chitha, poti anandipatsa chifukwa cha ntchitoyi. Ndikakhala, ndilibe pomugoneka. Kukonza kwa nyumba ija sikunayambe n'komwe, ndipo ngakhale atamaliza sadzatibwezeramo.

Atikonda abwera ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndilemba kamwedwe kake m'Chichewa. Asakhale pafupi ndi utsi wa kukhitchini. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndiye muwauze ana a achimwene asamuseke, chifukwa akasekedwa amasiyiratu kulankhula. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sanagonepo kutali ndi ine.

Mudzafunsa kuti akhala nthawi yaitali bwanji. Ndikanakonda kulemba kuti chaka chimodzi, koma ndilibe umboni wake, ndipo sindikufuna kukunamizani.

Iyeyo sindinamuuze. Dzulo anandifunsa ngati ankolo a denga abweranso kuti tibwerere kwathu, chifukwa anasiya zojambula zake pakhoma. Ndinati tidzaona. Ndimuuza inu mukayankha. Sutikesi yake ndagula kale, ndaibisa ku ntchito.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali ku Balaka, ndi kwa onse ofunsa za ife. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu m'bondomo, pakuti ndikukusenzetsani katundu pa ukalamba wanu.

Ndine mwana wanu,
Effie