Nthano yanga yamangitsa sing'anga wosalakwa

Aphungu,

Ndithandizeni. Ntchito yanga ndi yokamba nthano pamaso pa mfumu ya mzinda wathu wa Wasiti. Malemu bambo anga ankagwira ntchito yomweyi, ndipo anandisiyira lamulo limodzi: "Mwananga, mfumu suiuza kuti yalakwa. Umaiuza za mkango. Ikafunsa kuti mkangowo ndani, umati ndi nyama chabe, mbuyanga."

Kuno kuli mkulu wina, Dubayisi, wosunga khomo la mfumu. Palibe dandaulo lolowa osadzera mwa iye. Alimi a kanjedza akhala akulira kuti ngalande zawo zothirira zatsekeka. Iye amawabweza pakhomo, n'kukauza mfumu kuti anthu akufuna kuukira ndipo akuwaziziritsa ndi iye yekha. Zinandiwawa, ndiye ndinapeka nthano. Mkango unali ndi chilonda pamsana, pamalo poti sungadzione. Khwangwala ankatera pomwepo tsiku ndi tsiku n'kumati, "Ndikutsukeni, mbuyanga," chonsecho akujompha mnofu kuti chilondacho chisapole.

Kalanga ine! Sindinkadziwa kuti mfumu ili ndi chithupsa chenicheni pamsana, chimene yakhala ikubisa, ndipo amene amachitsuka m'mawa uliwonse ndi sing'anga Sarjisi, nkhalamba yofatsa imene sinapheko ndi ntchentche yomwe. Nditamaliza, mfumu inangoti, "Ndamva." Kutacha Sarjisi anali m'ndende. Akuti Lachisanu, anthu akatuluka mu mzikiti, adzamudula mutu.

Dzulo Dubayisi anandigwira paphewa akuseka, amvekere: "Pakamwa pako mpa uchi, m'bale wanga. Khwangwala uja tam'peza, eti?" Kunyumba nako mayi a ana akuti, "Khalani chete, bambo a Hamida. Kodi munatchula dzina la munthu inu?" Zoonadi sindinatchule, koma wamangitsa nkhalambayo ndine. Kodi ndipeke nthano ina yokonza yoyambayo, kapena ndiphwanye lamulo la bambo anga?

Z. b. N., Wasiti

Bambo Z. b. N.,

Nthano ina iyayi! Yoyamba yamangitsa sing'anga, yachiwiriyo mukufuna imangitse ndani, wophika? Munthu amene ali pa ululu amamva chilichonse ngati chikunena za ululu wake. Mukamuuza za njovu kaya za kamba, iye adzamvabe za msana wake.

Bambo anu sanalakwe. Timaveka mawu chikopa cha nyama kuti mfumu idzudzulidwe osachita manyazi pagulu. Koma chikopacho sichinasokedwe kuti wokamba abisalemo mnzake akupita kokaphedwa. Akazi anu akunena mwa chikondi, musawakalipire, komatu amene angamasulire nthanoyi ndi mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo ndinu. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chitani izi. Lero lomwe tumizani mayi ndi ana kwa abale kunja kwa mzinda, anene kuti akukaona wodwala. Mwayi wanu ndi woti mfumu imakuitanani yokha, simupempha khomo kwa Dubayisi. Ikakuitanani, dikirani idye kaye, ndiye mupemphe kulankhula nayo pa awiri. Musatsegule pakamwa isanakupatseni mpango wake wa chitetezo. Mukudziwa mwambo wathu: wogwira mpango wa mfumu saphedwa chifukwa cha mawu amene wanena ataugwira.

Mukaulandira, nenani mwachindunji: "Mbuyanga, khwangwala uja si Sarjisi. Za msana wanu sindinkazidziwa. Chilonda chimene ndinkanena ndi ngalande za alimi." Pemphani kuti sing'anga wina, wosankha mfumu yokha, aone mankhwala a nkhalambayo. Dzina la Dubayisi musalitchule msanga, poti mulibe mboni. Mfumu ikafunsa kuti nanga khwangwala ndani, muipemphe iitane alimiwo iwamve ndi makutu ake. Iwo adzanena okha amene amawabweza pakhomo.

Musapite ndi nthabwala, musapitenso ndi misozi yambiri. Mafumu sakonda kuoneka kuti anapusitsidwa, choncho cholakwa chonse muchisenze inu, munene kuti nthano yanu ndi imene inapotoka.

Koma ndisakunamizeni, bambo. Mpango ndi nsalu chabe, ndipo alipo mafumu amene anaupereka m'mawa n'kuuiwala masana. Mwina simukabwerako. Mukakhala chete mudzakhala ndi moyo, inde, ndipo Loweruka mfumu idzakuitanani kuti muisangalatse ndi nthano ina, Sarjisi ali m'manda. Dzifunseni ngati pakamwa panu padzatseguke.