Iwo ku Vienna, Ine Pakhomo

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko. Ine kuno ku Dubai ndilipo.

Abwana anga anyamuka ndi gulu la anzawo kupita ku Vienna ndi Salzburg, mizinda yakale ya ku Ulaya, ati kukamvera oimba mavayolini. Andisiya ndi mphaka wawo, geti atakhoma. Dzulo ananditumizira kanema akuwomba m'manja m'holo yodzaza anthu.

Komatu anthu omwewa anandikaniza kubwera mwezi watha, amayi atagonekedwa m'chipatala. Anati, "Korona wavuta, Melody, khalas, nkhani yatha, palibe woyenda." Kani korona amagwira antchito okha?

Achimwene ndikawafunsa za amayi, akumangodula foni. Azakhali, inu simunandinamizepo. Ngati ndachedwa kale, ndiuzeni.

Ndine mwana wanu,
Melody