Wodandaula Nambala 7

Lolemba, 3 Malichi

Loya yemwe ndinamusiyira nambala yanga waimba ndili mkati mometa kasitomala. Akuti lamulo lasintha. Kale mlandu ngati wangawu unkafa pakatha zaka zingapo, pano malire aja awachotsa. Nditha kusumira bungwe lomwe linkayendetsa nyumba ya ana amasiye yomwe ndinakuliramo ija. Zaka 29 zapita. Makina anandipulumuka mpaka ndinamulambula msewu kuseri kwa khutu munthu wa eni. Sindinamulipiritse.

Lachinayi, 6 Malichi

Ku ofesi ya loya. Ndi mayi wachikulire, salankhula mothamanga. Anatseka chitseko, ine n'kupempha kuti achisiye chotsegula. Sanafunse chifukwa.

Ndanena zonse. Bambo ankatiyang'anira uja, yemwe tinkamutcha Wamakiyi. Chipinda cha mabulangete. Mawu ake aja oti "bwera undithandize kupinda." Chichokere kunyumba ija ndinali ndisanazitulutsepo pakamwa, zimatuluka ngati minga.

Wamakiyi sangayankhenso, akuti loyankha ndi bungwe poti akuluakulu ankadziwa. Ankadziwadi. Ndine ndinakawauza nthawi imeneyo, malipiro ake mbama.

Kunyumba ndanama kuti ndinakagula malezala.

Lamlungu, 9 Malichi

Tsiku lonse pabedi. Ndati mutu.

Lachiwiri, 18 Malichi

Masamoni atangowafika, bungwe lalengeza kuti lagwa, lilibe kanthu. Loya wafufuza. Nyumba zonse, magalimoto, ngakhale sukulu, anazisamutsira ku kampani yatsopano chaka chatha, lamuloli likadali pokambirana. Mabwana ake omwewo. Dzina angosintha liwu limodzi. Njoka yafundula, ife atisiyira khungu.

Ndinafunsa kuti ndiye basi? Anati ayi, koma chitunda chake n'chachitali.

Lachisanu, 21 Malichi

Msonkhano wa onse omwe ali ndi chawo ku bungwe lakugwalo. Chipinda cha pamwamba, mipando yapulasitiki, fani yakufa. Bambo yemwe khoti lamuika kuti agulitse zotsala anawerenga mndandanda: banki patsogolo, kenako antchito, kenako wa buledi ndi wa mapaipi. Ife kumchira, opanda maina. Ndine wodandaula nambala 7. Tilipo 14.

Wa buledi anakhala pambali panga. Anandinong'oneza kuti, "Inu munkawagulitsa chiyani, achimwene?" Ndinangoyang'ana nsapato zanga.

Potuluka ndinaona Chibwibwi, amene bedi lake linali loyandikana ndi langa kunyumba ija. Imvi mutu wonse. Nayenso anandizindikira. Anafuna kunena kanthu, mawu n'kumukakamira pakhosi monga kale. Tinatsika masitepe limodzi, pageti aliyense n'kulowera kwake.

Loweruka, 22 Malichi

Mayi a kunyumba apeza kalata ya khoti m'thumba la jekete. Munangolembedwa nambala ya mlandu, osati nkhani yake.

"Bambo, mwapereka mimba kwa ndani? Ndimve kwa inu, ndisamve kwa anthu."

Ndinati si zimenezo.

"Nanga n'ziti?"

Zaka 16 tili pabanja, n'koyamba kundiyang'ana ndi diso limenelo.

Lolemba, 24 Malichi

Sakundilankhula. Chakudya akungoika patebulo n'kuvindikira.

Lachiwiri, 25 Malichi

Loya akuti khoti litha kulola kuti tiitsate kampani yatsopanoyo, milandu ina posachedwapa yayenda choncho. Koma pafunika mmodzi wa ife aime pamaso pa jaji n'kunena kuti akuluakulu anauzidwa. Anzanga 13 aja sanauzeko munthu. Amene anakanena ndine ndekha.

Dzina abisa, nkhope ayi. Maloya a kampaniyo adzandifunsa kuti ndinali kuti zaka zonsezi, bwanji ndakumbuka lero. Zopambana sanalonjeze. Tsiku lake ndi Lachisanu la sabata yamawa.

Ndati ndiganize kaye. Ndabwerera kushopu, ndameta anthu asanu, nkhope zawo sindikukumbuka ngakhale imodzi.

Lachinayi, 27 Malichi

Ndatseka shopu masana n'kubwerera kunyumba. Ndinapeza mayi a kunyumba akusita. Ndinaima pakhomo n'kuyamba kunena, maso ali kukhoma. Sindinaphimbe kalikonse. Nkhani ili pakati anazimitsa simbi. Anafunsa kuti ndinali ndi zaka zingati. Ndinati 11.

Anatuluka. Ndinamva akusanza kuseri kwa nyumba, kenako mpopi ukungothira madzi nthawi yaitali. Ndinakhala pansi pomwepo, mumtima ndikuti mwina banja lathera pano.

Anabwerera maso ali psuu.

"Munthuyo ali moyo?"

"Anamwalira."

"Anachita mwayi."

Anakhala pansi pambali panga, zovala za pamzere zikudikira. Patapita kanthawi anati ndiimbire loyayo iwo ali pomwepo, amve okha tsiku ndi nthawi yake.

Ndaimba. Foni anaigwira ndi iwo.