Ndimu la apongozi

Lachinayi, Ogasiti, Kabwata. Mphepo ndi fumbi tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunatsikebe.

Lero mwana wanga Tisa, wa Fomu Wanu, walandira katemera wa nthomba kusukulu. Tisa atangofika kunyumba, apongozi anga anadula ndimu kuti am'pake pabala la katemera pamkono, ati mankhwalawo afe.

"Akufuna atsikana asamabale," anatero. "Adzam'kwatira ndani?"

Ndinawalanda ndimulo n'kuliponya padenga. Ine amene sindinawayankhepo chikwatiwire!

"Amayi, mng'ono wanga Esinati sanalandire katemera. Nthomba inam'tenga ali msinkhu wa Tisa. Ana ake ali kuti?"

Bambo a Tisa akuti ndikapepese. Mawa ndigwada, ndipepese za ndimu. Za mkono, ayi. Tisa azigona pambali panga mpaka chipsera chioneke.