M'mphepete mwa Mkeka Tasiyira Inu

Nuku'alofa, Lolemba m'mawa

Okondedwa Azakhali Lesieli,

Kuno kwacha ndi mvula yowaza, ija imene sinyowetsa msanga koma sikata. Belu la mapemphero a m'mawa langosiya kulira, ndipo ine ndakhala pakhonde, miyendo nditatambasula chifukwa yatupa.

Muli bwanji kumeneko ku Auckland? Mawondo aja akukuvutitsanibe kukazizira? Ine ndili bwinoko. Atate ali bwino kwathu kuchilumba cha 'Uiha, kungoti mphepo ya mwezi watha inawagwetsera nthochi zonse. Nkhumba yawo yakuda ija yaswa, ndiye akuyenda monyada ngati aswa ndi iwo.

Mudabwa kuona kalata m'malo mwa foni. Mukundidziwa. Pa foni mawu amandithawa, ndimangoti eya, eya, mpaka wina kudula. Mundikhululukire malembedwe, sukulu ndinalekezera ku pulaimale.

Kalatayi ikubwera ndi mchimwene wa mnzanga amene akwera ndege mawa. Wanyamulanso mkeka waukulu woyera wa apongozi anga. Chonde musaufunyulule musanawerenge mpaka kumapeto.

Azakhali, ndili ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Aka n'kachitatu. Mukudziwa kuti ndinapita padera kawiri, n'chifukwa chake ulendo uno sindinauze anthu msanga.

Namwino wa kwathu kuzilumba za Ha'apai atandigwira pamimba anati ndipite ku chipatala chachikulu kuno ku Nuku'alofa akandiunike ndi makina. Ndinabwera ndi kachikwama ka masiku awiri. Dokotala anandionetsa pagalasi kuti chiberekero changa n'chogawikana pamwamba, ngati mtima umene ana asukulu amajambula. Anati ndinabadwa nacho choncho. Mwana ali m'chigawo cha kumanzere, wagona chopingasa, ndipo malo omutembenukira ndi ochepa. Anati akhoza kubwera nthawi isanakwane, adzafunika opaleshoni, ndipo ndisayerekeze kuwolokanso nyanja.

Ine ndinangoti eya. Ndinatuluka n'kukhala pa benchi panja, misozi ikungogwera pa nsalu.

Pamenepo m'pamene anandipeza Kalisi, mayi wamkulu thupi amene amagulitsa mavwende ku msika. Namwino wa pachipatalapo anali atamuimbira foni. Kalisiyo anandifunsa kuti iwe kamtsikana, wamwalira ndani? Nditamunong'oneza, anaseka mpaka anthu kutembenuka. Anati basi, chimodzi chogawikana? Ine ndili nazo ziwiri zathunthu, Mulungu pondipanga anaiwala kuti waika kale. Anati ana ake awiri anatuluka pa opaleshoni ndipo onse amadya ngati dzombe. Ananyamula kachikwama kanga osandifunsa, ndipo kuyambira tsikulo ndikugona kwake.

Kunyumba kwa Kalisi kumakumana amayi Lachitatu ndi Loweruka. Onse ziberekero zawo sizinapangike monga za ena. Wina chake chili ndi khoma pakati, wina ali ndi theka lokha. Ena ali ndi ana, ena alibe. Amakhala pansi n'kumaluka mikeka, nkhani zikuyenda.

Masiku oyamba sindinkalankhula. Palibe anandikakamiza. Anangondipatsa milaza n'kundisiya ndiluke. Koma makutu anali otsegula. Zonse zimene ndinkachita manyazi kufunsa dokotala ndinazimva pamenepo: ululu uti ndi wongofuna kugona chammbali, ululu uti ndi wothamangira kuchipatala, ndi mmene munthu amadzukira bala likadali laliwisi. Kalisi akuti ukamatsokomola uzigwira pilo pamimba, ndipo mwamuna akakuseketsa sabata yoyamba umugende ndi mbale.

Ali ndi mwambo wawo. Mmodzi akafika mwezi wachisanu ndi chiwiri, amayamba kumulukira kamkeka kogonekapo mwana. Aliyense amaluka gawo lake. Koma m'mphepete samaliza, amasiyira wachibale wa mayiyo. Kalisi akuti ife ndife anzako chabe, pafunikanso dzanja la kwanu kuti mwana adziwe kuti akuyembekezeredwa mbali zonse. Kanga anakayamba sabata yatha.

Tsopano ndifike pa chimene chikundilemera.

Nditapita padera kachiwiri, anthu kwathu anayamba kunena kuti ndi keke. Mukukumbukira pa ukwati wanga. Boti lanu linachedwa ndi mafunde, ndipo keke ya pamwamba, imene pa mwambo wathu ndi ya azakhali, anaipereka kwa amayi busa. Munafika mutanyowa, munaona, simunanene kanthu. Munangobwera kudzandikonza duwa la m'tsitsi. Chaka chotsatira munasamukira ku Auckland. Anthu analumikiza ziwirizi. Akuti mtima wa azakhali ukawawa, mwana wa mlongo wawo sasunga mimba. Palibe analimba mtima kukuuzani, koma nkhaniyi yayenda pa chitsime ndi ku kwaya zaka ziwiri.

Loweruka lapitali apongozi anatulukira pakhomo pa Kalisi. Anali atagona pa sitima usiku wonse, mkeka woyerawu uli pamutu, m'manja botolo la mafuta a amayi Palu, osisita mimba aja. Kumbuyo kwawo kunali amuna anga a Sefita ndi dengu la zilazi, maso ali ku mapazi. Anatipeza tonse tili pa mkeka.

Asanakhale n'komwe, apongozi anati Nanise, longedza, sitima ibwerera Lolemba madzulo. Anati a Palu anatembenuza ana awo onse ndi manja okha, ndipo mkazi wa m'banja mwawo satumbulidwa ngati nsomba. Anati vuto si chiberekero, vuto ndi keke. Tikatumiza mkeka kwa a Lesieli n'kupepesa, njira idzatseguka ndipo mwana adzabadwira kwawo.

Kalisi anati amayi, takhalani pansi mumwe tiyi. Ngati keke imagawa chiberekero, ndiye ine wa ziwiri ndinamana azakhali angati? Amayi onse anaseka. Apongozi sanaseke. Anati iwe wa mavwende, za m'banja la eni zikukukhudza pati? Anati ndine ndinasambitsa mtsikanayu kawiri konse, ndine ndinakumba pansi pa mtengo wa kokonati n'kukwirira, inu ndi mano anuwo munali kuti?

Kuseka kunathera pomwepo. Ndipo n'zoona, azakhali. Musawaone ngati munthu woipa. Masiku amenewo ankandidyetsa ndi supuni, ndipo ankapita kukalirira kuseri kwa khola kuti ine ndisaone. Mantha awo ndi anga ndi amodzi, kungoti iwo akuwathamangitsira kwina.

Kenako analankhula Siutiti. Ndi mayi wowonda, wa theka la chiberekero uja, amene amaluka bwino kuposa tonse. Alibe mwana. Kawirikawiri salankhula, ndipo ine ndimakonda kukhala pafupi naye. Anati naye anabwerera kwawo kuchilumba, dokotala atamuletsa, chifukwa anaopa kukhumudwitsa akuluakulu. Matenda anayamba mwezi usanakwane, kunja kuli chimphepo, maboti onse atakokeredwa kumtunda. Anati mwana wanga anatsogoza dzanja, ngati akupempha wina amukoke. Anaweramanso n'kupitiriza kuluka.

Apongozi anatembenukira kwa a Sefita, nati uza mkazi wako. A Sefita anakanda m'mutu nthawi yaitali, kenako anati amayi, mimba ndi yake, mufunseni mwini wake.

Maso onse anabwera pa ine. Azakhali, ndinalakalaka pansi patatseguka. Chikwatiwire sindinawakanepo apongozi ngakhale pa mchere. Ndinamva eya uja akukwera kale pakhosi. Koma bondo la Siutiti linali litagunda langa, ndipo sanalichotse.

Ndinagwira dzanja la apongozi. Ndinaliika kumanzere kwa mimba, pamene mutu wa mwana ukumveka wolimba ngati kokonati yaing'ono. Kenako ndinaliika kumanja, kumene kuli kofewa. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe ankandiseka kuti mimba yanga yapendekeka ngati bwato lolemera mbali imodzi. Ndinati amayi, kuli khoma, a Palu akakankha alibe komupititsa. Ndinati sitima sindikwera. Ndikakwera, tikakumbanso pansi pa kokonati.

Mawu anga anatuluka onse. Ndipo nthawi yomweyo mwana anamenya, pa dzanja lawo penipeni.

Apongozi anakhala chiimire, dzanja lili pomwepo. Kenako anakhala pansi mwamphamvu, anakoka kamkeka kanga, anakayang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nafunsa kuti waluka apa ndani, mabowo oti mwanapiye n'kudutsa? Kalisi anati ndine, amayi. Anati ndinadziwa, manja ozolowera kuwomba mavwende. Anamasula gawo lonselo n'kuyamba kuluka okha. Kalisi anati aluke ndithu, iye apume, ndipo anapita kukatereka tiyi.

Tsopano apongozi akugona pansi pafupi ndi bedi langa. Dzulo tinapita limodzi kutchalitchi, ndipo anandimanga okha kamkeka kaulemu kaja timavala m'chiuno, mosamangitsa. Mafuta a amayi Palu akundidzoza m'miyendo yotupayi, pamimba ayi. A Sefita abwerera okha pa sitima ya madzulo ano kukaona maukonde ndi ziweto, adzabweranso tsiku likayandikira.

Koma chinthu chimodzi apongozi anakana kusiya. Anati mkeka woyera upite ndithu, ndipo sadzapeza tulo mpaka atamva pakamwa pa a Lesieli kuti palibe chakukhosi. Nditawapempha kuti amalize m'mphepete mwa kamkeka, anapukusa mutu. Anati pamenepo si panga, ukudziwa mwini wake.

Ndiye landirani mkekawo, azakhali, kuti mtima wa apongozi ukhale pansi. Za keke ndikupepesa, inali yanu. Koma za ana anga awiri inu mulibe mlandu. Khoma limeneli ndinali nalo ndisanabadwe, keke isanaphikidwe. Tsiku lija simunalankhule, ndipo ine ndikudziwa kuti kusalankhula si kukwiya. Anthu ofatsa ngati ife, ena amatiikira mawu m'kamwa.

Pali chinanso chimene ndikuopa kufunsa, koma pa pepala ndilimba mtima. Ndili wamng'ono ndinkakuonani muli ndi pathupi, kenako pathupi palibe, ndipo mwana palibe. Zinachitika kangapo, mpaka amuna anu aja anachoka. Ndikukumbukira anthu akunena kuti azakhali anu anakwiya chifukwa cha nkhumba ya pa maliro imene sanapatsidwe. Munanyamula mikeka yanu yonse yabwino kukapepesa, munagwada pakhomo pawo dzuwa likuswa mtengo. Koma palibe anakuunikanipo.

Sindikunena kuti zanu zinali ngati zanga. Ndinafunsa dokotala, anati sangadziwe. Koma ndikamuona Siutiti ataweramira mkeka, ndimaona inu. Ndimaganiza kuti munasenza zonsezo nokha, popanda bondo la munthu logunda lanu. Ndipo pamapeto pake anthu omwewo atembenuka n'kuloza inu chala. Zimenezi zimandipweteka kuposa msana.

Ndinawauza amayi a pano za inu. Siutiti anati akusungirani malo pambali pake. Kalisi anati ndikuuzeni kuti pakhomo pake safunsa chithunzi cha kuchipatala, amangofunsa ngati munthu amatha kuluka kuposa iye, ndipo aliyense amapambana.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire apongozi, muwauze ndi pakamwa panu zimene zili mumtima mwanu. Nambala yawo ndi yomwe ija. Ndipo ngati mawondo angalole, bwerani. Dokotala akuti opaleshoni idzakhala pakati pa mwezi wamawa, mwana akadikira. Ndikuopa, azakhali, sindibisa. Palibe angandilonjeze kuti zonse ziyenda bwino, ndipo amayi a pano sanama kuti andisangalatse. Koma ndikufuna kuti akatuluka, adzagone pa mkeka umene inu mwamaliza. Milaza ya m'mphepete ndasankha yofewa kwambiri, ndaimanga payokha, ili pansi pa pilo wanga.

Mukalephera kubwera sindidzadandaula. Tidzakutumizirani kamkekako, mudzamalizire konko, mwana adzayamba wagona pa nsalu. Wina aliyense sakhudzapo.

Mundiperekere moni kwa asuweni onse ndi kwa amayi a kwaya ya kumeneko. Apongozi akupereka moni mwaulemu. Kalisi akuti mubweretse chokoleti. Mulungu akusungeni, akupatseni tulo tabwino ndi mawondo olimba.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Nanise

Ndamaliza kulemba Lolemba lomweli, 4 koloko madzulo. Mvula yakata. Sitima ya ku Ha'apai yangolira kumene kudoko, ndipo ine ndili pakhonde pomwe pano.